Kanyimbi ndi Magazi Oyamba

Padangokhala. Amene ali ndi pakamwa avomere kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi ikupita kutali ndipo ulendo wautali sayenda munthu mmodzi.

Kunali dziko lina la mapiri kumene chisanu sichingoluma zala ngati kwathu kuno. Kumeneko chimachita kugwa kuchokera kumwamba, choyera ngati ufa, n'kumaunjikana mpaka kukwirira miyala ndi tchire lomwe. Eni dzikolo ankachitcha chipale. Chipalecho chikakula, nyama zonse zodya zinzake zinkalowa m'phanga limodzi lalikulu, n'kutseka pakhomo ndi mwala mpaka dzuwa lidzapezenso mphamvu. Wotsala panja ankapezeka patapita miyezi inayi, atauma gwa.

Eni phangalo anali a Mbira, nkhalamba yokonda kuwothera dzuwa, imene ntchito yake yaikulu inali kutuma anzake. Mkulu wa uzimba anali a Nyalugwe. Mimbulu inali asilikali awo othamangitsa nyama, ndipo Fisi anali mtengatenga, ngakhale kuti katundu aliyense amene ankamusenzetsa ankafika atapepuka.

Malamulo a phangalo anali awiri okha. Loyamba linkati khomo lililonse lipachike nyama ya ziboda pathandala chipale chisanafike pa mzere umene a Mbira anajambula ndi khala pathanthwe la pakhomo. Khomo lopanda nyama linkatsala panja. Lachiwiri linkati nyama ndi ya amene wayamba kuikhetsa magazi, ngakhale dontho limodzi, ndipo womalizitsa amangolandira mwendo wamwamba.

Tsono panali mayi wina, Kanyimbi, amene mwamuna wake anamwalira chaka chimenecho n'kumusiyira ana atatu. Masiku amenewo Kanyimbi anali wakuda bii kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Za fungo lake sindinena zambiri, mukulidziwa. Iye ankachita nalo manyazi kwambiri, moti ankakhala kumapeto kwa bwalo ndipo polankhula ankayamba ndi kupepesa.

Chipale chitayamba kugwa, makomo onse anali atapachika kale nyama zawo kupatula la Kanyimbi. Mayiyo anabwera ndi mtolo wa mbewa.

"Izi n'chiyani, mlamu?" anafunsa Fisi, malovu ali chuchuchu.

"Ndi nyama."

"Nyama imakhala ndi ziboda, mayi," anatero a Nyalugwe osamuyang'ana n'komwe.

"Ndiye munditenge ku uzimba, bambo. Malo a malemu amuna anga alipo."

"Amuna anuwo ankadziwa kuyenda kumbuyo."

"Kumbuyo ndikudziwako, bambo. Ndakhalako moyo wanga wonse."

A Nyalugwe anavomera monyinyirika. Pamene ankamaliza kukambirana, mbewa zija zinali zitalowa kale m'mimba mwa Fisi.

Nyengo imeneyo nyama zina zonse zinali zitatsikira kuzigwa, ndipo paphiripo panangotsala mbawala za makutu a bulu. Mbawala zimenezi makutu ake ndi aatali ngati a bulu, ndipo nyanga za mphongo zake zimaphuka nthambi n'kumathothoka chaka ndi chaka. Zinatsalira chifukwa inali nyengo yake yolimbirana akazi. Mphongo yaikulu pa zonse inali Chimwamphepo. Anamutcha choncho chifukwa ankati akakweza mphuno n'kumwa mphepo kamodzi, ankadziwa aliyense amene ali paphiripo ndi chimene wadya m'mawa. Anali ndi akazi khumi ndi awiri, ndipo chiyambire kuwalondera palibe mlenje amene analawako nyama ya gulu limenelo. A Nyalugwe nkhani imeneyi inkawadya mumtima ngati chiswe.

M'mawa mwake uzimba unanyamuka. A Nyalugwe anali patsogolo, Mimbulu m'mbali, Fisi pambuyo, ndipo Kanyimbi pambuyo pa Fisi. Anayenda bwinobwino mpaka anayandikira gululo. Kenako mphepo inatembenuka.

Chimwamphepo anakweza mphuno. "Kwabwera alendo," anauza akazi ake. "Ndipo mmodzi wa iwo sanasambe chibadwire."

Gulu lonse linanyamuka likudumpha ndi miyendo inayi nthawi imodzi, monga zimachitira mbawala zimenezo, ndipo Mimbulu inatsala ikutitimira m'chipale.

"Mwatiwonongera mphepo, mayi," anatero a Nyalugwe. "Kuyambira lero ndisadzakuoneninso pa uzimba wanga."

Kunena zoona, Fisi nayenso sankanunkhira ngati maluwa, koma mlandu umakonda khomo lopanda mwamuna.

Kanyimbi anapita kwa a Mbira. Anawapeza atagona chagada pathanthwe.

"Agogo, ana anga atatu aja atsala panja?"

"Lamulo ndi lamulo, mwana wanga. Ndituma munthu akalankhule ndi a Nyalugwe."

"Mutuma ndani?"

"Ndiona," anatero a Mbira, n'kutembenuka kuti dzuwa liwombe mbali inayo.

Kanyimbi anayang'ana pathanthwe. Panatsala mikono iwiri kuti chipale chifike pa mzere. Atafika pakhomo pake, mwana wamng'ono anamufunsa ngati n'zoona zimene ana a Mimbulu ankanena, zoti iwo adzatsekeredwa panja. Mayiyo anachita mantha, koma sanafune kuti anawo aone. Anawasonkhanitsa n'kuyambitsa nyimbo ya malemu bambo awo, imene ankaimba pobwera ku uzimba. Nyimboyo inkanena za mapazi. Inkati phazi lalikulu limasiya chidindo chachikulu, laling'ono limasiya chaching'ono, koma chipale sichiiwala ndi limodzi lomwe. Woyambitsa ankatchula nyama imodziimodzi, ndipo ovomera ankafunsa kuti nanga kaphazi aka n'ka yani. Anawo anavomera mpaka anaiwala funso lawo, koma mayi awo sanaliiwale.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anadziuza. "Ndipita ndekha."

Tsiku lotsatira anatenga kamkondo ka mwamuna wake n'kukwera phiri. Ulendo uno anasamala mphepo. Ankati akayenda pang'ono n'kutola ubweya wake umodzi, kuuponya m'mwamba, kuona kumene ukulowera. Anazungulira phiri lonse mpaka mphepo inayamba kumuwomba kumaso. Mphuno ya Chimwamphepo inalibenso ntchito.

Koma chipale cha tsiku limenelo chinali chitauma pamwamba. Akaponda, khwecha. Akapondanso, khwecha. Makutu a bulu aja anatembenuka onse awiri, mwini wake osaleka n'kudya komwe.

"Mayi inu amene mukubisala kuseri kwa mwalawo," anatero Chimwamphepo, "phazi lanu lakumanzere likupweteka? Mukulikoka."

Kanyimbi anadzipanikiza kuseri kwa mwalawo, koma mphongoyo inapitiriza.

"Ndakumvani kuyambira pamene mumawoloka khwawa. Kodi mwadzasaka kapena mwadzatiswera mtedza?"

Akazi khumi ndi awiri aja anaseka mpaka misozi. Kanyimbi anaponya kamkondo kake chifukwa cha mkwiyo chabe, ndipo kanagwera pafupi ndi iye mwini kuposa ndi mphongoyo. Anakatola n'kutsika phiri. Pathanthwe panatsala mkono umodzi. Madzulo ake anaimbanso nyimbo ya mapazi ija, ndipo ulendo uno anaiimba mwamsanga, ngati munthu amene akusinja.

"Mphuno ndaitseka, kwatsala makutu," anatero poyalira ana.

Tsiku lachitatu anakanda ndere pamiyala n'kukulunga mapazi ake onse anayi, kumanga ndi luzi. Anadikira kuti chipale chatsopano, chofewa, chigwe. Anazunguliranso phiri mpaka mphepo inabwera kumaso. Ankayenda osamveka ngakhale kwa iye mwini. Anafika pafupi moti ankamva mano a Chimwamphepo akutafuna nthambi. Mtima unayamba kumuuza kuti lero ndi lero.

Chimene anaiwala n'chakuti chinthu chakuda bii sichibisika pamalo oyera mbee. Mkazi wamkulu wa Chimwamphepo, nkhalamba yosadya ndi mutu pansi nthawi yaitali, anadzutsa maso.

"Bambo, kodi makala amayenda?"

"Ayi, mayi."

"Nanga ilo likubwera apolo?"

Chimwamphepo sanathawe n'komwe. Anayenda mwaulemu, n'kumunyamula Kanyimbi ndi nyanga, kumuponya uko. Mayiyo anagwera m'chipale chakuya n'kutitimira mpaka m'khosi, kamkondo kake katathyoka pakati. Nthiti zinkamuwawa. Analira, osati chifukwa cha nthitizo, koma chifukwa nzeru zinali zitamuthera. Mphongoyo inali ndi mphuno, makutu, ndi maso a akazi khumi ndi awiri, pamene iye anali ndi ana atatu ndi theka la mkondo.

Ali chigonere choncho, kunsi kwa phiri kunamveka phokoso. Kho! Kho-kho! Zinali mphongo ziwiri zazing'ono zikulimbana, nyanga zikugundana.

Chimwamphepo anasintha nthawi yomweyo. Khosi linafufuma, maso anafiira, thovu linatuluka kukamwa.

"Ndani akumenyana paphiri langa? Ndani akufuna akazi anga?"

"Bambo, ndi ana chabe awo," anatero mkazi wamkulu. "Khalani pansi mudye. Masiku asanu tsopano simunadye zokhuta."

Koma mphongoyo inali itanyamuka kale. Inadutsa pamene panagona Kanyimbi, mphepo ikuchokera kwa mayiyo kupita m'mphuno mwake, ndipo siinamve kanthu. Chiboda chake chinaponda pafupi ndi khutu lake, koma siinaone kanthu. Inatsetsereka ikuthyola nthambi ngati woledzera wobwera ku mowa wa masese.

Kanyimbi anapukuta misozi. Anakhala tsonga m'chipalemo n'kuyamba kuseka yekha.

"Ohoo," anatero. "Atambala awiri salira m'khola limodzi. Kani mfumu ya phiri ili ndi pogwirira."

Potsika sanapite kunyumba. Anafufuza m'tchire mmene mphongo zimakhuzira mitu yawo mpaka anapeza nyanga ziwiri zothothoka chaka chatha, zazikulu kuposa zonse. Zinali za Chimwamphepo yemweyo. Kuzikoka inali ntchito ya tsiku lonse lotsalalo kwa munthu wa msinkhu wake, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Malo anali atawasankha kale. Kumtunda kunali mtengo umodzi umene unamera pakati pa phompho ndi thanthwe. Wothawa kuchokera pamenepo analibe njira ina koma kutsetsereka kukadutsa pampata wopapatiza. Pampatapo ndi pamene a Nyalugwe ankabisala m'mawa uliwonse, osapha kanthu, chifukwa Chimwamphepo ankawamva fungo asanakhale n'komwe pansi. Kanyimbi ankadziwa kuti iye sangagwetse mphongo. Koma lamulo silinkanena za kugwetsa.

Anapachika nyanga zija panthambi yam'munsi, zikulendewera pafupi ndi nthaka, n'kumangirira luzi lalitali. Anakoka. Zinalira ngati nkhuni zouma. Anasintha kamangidwe, kukokanso, kusinthanso, mpaka zinalira mwaukali ngati mitu iwiri yodana. Pobwerera anapeza kuti pathanthwe pangotsala chikhatho chimodzi. Fisi anali ataima pomwepo.

"Mlamu, malo anu ogona aja ndayamba kuyezera. Ndiikamo mafupa anga."

"Muyezere bwino, alamu," anatero Kanyimbi. "Musadzavutike pochotsa."

Madzulo amenewo anaimba nyimbo ija motsitsa, ndipo anauza mwana wamkulu kuti akapanda kubwera pofika masana a mawa, atenge azibale ake akagwade kwa a Mbira. Anadziwa kuti kugwadako sikungathandize, koma mayi sachoka osasiya mawu.

Kutangocha anali kale pansi pa mtengo uja. Chipale chinali chikugwa. Anagona chafufumimba pafupi ndi nyangazo, luzi lili m'dzanja, n'kulola kuti chipalecho chimukwirire. Chinayamba kumutu, chinatsata msana, chinafika kumchira. Choyamba chinkaluma. Kenako chinkawotcha ngati moto. Kenako sanamvenso kanthu, ndipo pamenepo ndi pamene anaopa kwambiri, chifukwa tulo tinayamba kumunyengerera. Kuti asagone, ankaimba nyimbo ya mapazi mumtima, kuyambitsa yekha n'kuvomera yekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawuwo sanadekhepo pansi pa chipale.

Dzuwa litakwera pang'ono, panalibenso chakuda chilichonse pansi pa mtengowo, koma timaso tiwiri. Kanyimbi anakoka luzi.

Kho! Kho-kho! Khwa!

Anadikira. Anakokanso, mwamphamvu.

Kutali kunamveka mawu a mkazi wamkulu uja. "Bambo, musapite. Mphongo zomenyana zimapuma mwaphuma, zimaponda nthambi. Izo ndi nyanga zokhazokha."

"Khala chete, mkazi iwe. Ukuwaikira kumbuyo chifukwa ukuwadziwa?"

Nthaka inayamba kunjenjemera. Chimwamphepo anatulukira thovu lili kukamwa, n'kuima pansi pa mtengo.

"Tulukani! Si ndinu amuna kodi?"

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anaona nyanga zikulendewera. Zinali zazikulu, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa koposa.

"Mwini wake wa nyanga izi ndani? Wonyada chotere ndani paphiri langa?"

Anaweramitsa mutu kuti azinunkhize, khutu lake lalitali n'kukhudza chipale. Chipalecho chinaphulika. Kanyimbi analumpha, mano ake n'kulowa kunsonga kwa khutulo, ndipo sanasiye mpaka kachidutswa kanatsalira m'kamwa mwake. Magazi anadontha pachipale, psuu.

"Iwe, khala loyenda lija?" anakuwa Chimwamphepo, n'kutsitsa nyanga kuti amutumbule.

Apa Kanyimbi anachita chimene anakhala akuchibisa moyo wake wonse. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anatembenuka, kukweza mchira, n'kutulutsa fungo lake lonse, la chaka chino ndi la chaka chatha lomwe, molunjika m'mphuno yotchuka ija. Lotsala linagwera pamtengo, panyanga ndi pachipale pozungulira.

Chimwamphepo anayetsemula, anatsokomola, maso anachita khungu ndi misozi. Kumanja kunali phompho, kumanzere thanthwe. Anatsetsereka chothawa kulowera kumpata, magazi akudontha m'njira, mphuno itafa. Tsiku limenelo sanamwe mphepo ina iliyonse.

A Nyalugwe anali atayamba kale kuwodzera pobisala pawo pamene anaona nyama imene inawazunza zaka zitatu ikubwera yokha. Anangolumpha kamodzi.

Pamene Kanyimbi ankafika kuphanga, akutsimphina, miyendo itauma ndipo msana uli mbuu ndi chipale, anapeza chikondwerero chili pakati. Mphongo inali itagonekedwa pabwalo. Mimbulu inkavina mozungulira a Nyalugwe, ndipo a Mbira anali atadzuka n'kukhala tsonga, chinthu chosaonekaoneka. Mayiyo anadutsa pakati pa onse, osapepesa, n'kugwada mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, bambo, pondimalizira nyama yanga. Mwendo wamwamba ndi wanu."

Ng'oma inaleka. Kenako bwalo lonse linaphulika ndi phwete.

"Chisanu chawalowa m'mutu mlamu wanga," anatero Fisi.

"Taonani khutu lakumanja," anatero Kanyimbi. "Magazi oyamba ndi anga."

A Nyalugwe anayang'ana khutulo, ndipo ndevu zawo zinagwedezeka pang'ono. "Ndang'amba ndine ndi chikhadabo, polimbana nayo."

"Ngati ndi choncho, agogo, chipale chikatiuza. Titsate mapazi a nyamayi chobwerera, tikaone pamene pagwa dontho loyamba ndi mapazi amene ali pambali pake."

A Mbira anayang'ana phiri, n'kuyang'ana thanthwe lawo lofunda. "Ndi zoona. Fisi, tathamanga ukaone, udzatiuze."

"Agogo," anatero Kanyimbi motsitsa, "ine ndine mwana, koma ndinamva kuti tsiku logawa michira inu munatuma munthu."

A Mbira anacheuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana pamene pakanakhala mchira. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndipatseni ndodo yanga."

Koma pamene nkhalambayo inkafunafuna ndodo, a Nyalugwe anali atanong'oneza kale Fisi, ndipo Fisi anali atazemba.

Ananyamuka onse, a Mbira patsogolo akupuma akangoyenda mapazi khumi. Anapitirira pampata pamene panagwera nyama, n'kuyamba kukwera motsata ziboda zake. Ziboda zinalipo, koma magazi panalibe. Pambali pa ziboda panali mapazi a Fisi, ndipo pamene panayenera kukhala dontho panali kadzenje kosalala, konga kamene lilime limasiya m'mbale.

"Mukuona, akuluakulu?" anatero a Nyalugwe. "Kumtunda kuno kulibe magazi. Tibwerere, nkhalamba ingatifere m'njira."

Kanyimbi anaona kuti madontho onse amene ankadalira anali atanyambitidwa. Koma anangoti, "Tiyeni tifike pamtengo, agogo. Patsala pang'ono."

Asanauone n'komwe mtengowo, fungo linawachingamira. Mimbulu inayamba kuyetsemula n'kubwerera m'mbuyo. A Nyalugwe anaima, maso akulengeza misozi. Ndipo poteropo, kutali ndithu ndi mtengo, anapeza Fisi atakhala pansi, mlomo uli psuu, mimba itatupa ndi chipale chimene anameza, akutsokomola ngati wa chifuwa chachikulu.

"Bwana, ndayesa katatu," anatero Fisi asanafunsidwe. "Onse am'njira ndamaliza monga munanenera, koma lija la pansi pa mtengo silikufikika. Ine ndimadya zowola, bwana, koma izi zandikanika."

A Nyalugwe anayang'ana kumwamba ngati kuti kukubwera mvula.

A Mbira anacheukira uku ndi uku kufuna womutuma, koma anakumbukira. Anatseka mphuno ndi dzanja limodzi, ndodo kudzanja linalo, n'kulowa okha. Pansi pa mtengo anapeza nyanga ziwiri zikulendewera pa luzi. Anapeza kadzenje m'chipale kofanana ndi thupi la munthu wamng'ono amene wagona nthawi yaitali. Anapeza ziboda zazikulu, ndi timapazi ting'onoting'ono pambali pake. Pakati pa zonsezo panali magazi, ndi kansonga ka khutu. Phazi la nyalugwe panalibe ndi limodzi lomwe.

Anatola kansongako n'kutuluka akudzandira. Onse anabwerera kuphanga, kumene a Mbira anakayerekeza pa khutu la mphongoyo. Kanakwanira ndendende, ndipo m'mphepete mwake munali zidindo za timano.

"A Nyalugwe," inatero nkhalambayo, "zikhadabo zanu zili ndi mano?"

Kenako a Mbira anagamula mlandu.

"Nyama ndi ya mayi awa. Inu tengani mwendo wamwamba. Ndipo Fisi wadya kale gawo lake m'njira."

Kanyimbi anasenda nyama yake, Mimbulu yomwe ija ikumugwirira miyendo ndi kumutchula kuti mayi. Anapereka mwendo kwa a Nyalugwe ndi manja awiri, chifukwa ulemu sulipiritsa ndipo tsiku limenelo unkawawa kuposa chipongwe. Yotsalayo anaipachika pathandala chidutswa ndi chidutswa, ana ake akumupatsira. Pamene ankapachika chomaliza, chipale chinali chitakhudza mzere. Mwala unagubuduzidwa, ndipo khomo la Kanyimbi linali m'kati. Fisi anachotsa mafupa ake osauzidwa.

Apo ndi pamene mphamvu zinamuthera mayiyo. Anagona pansi akunjenjemera, ana ake atamuzungulira. Anayambitsa okha nyimbo ya mapazi, ndipo atafika pofunsa kuti kaphazi aka n'ka yani, mawu ovomera anachokera mbali zonse za phanga, ngakhale kumene kunakhala ana a Mimbulu. Akuimba choncho, anawo ankasasa chipale chimene chinali pamsana pa mayi awo. Anasasa ndi manja, anapukuta ndi udzu, anayesa ndi malilime. Chonyowa chinasungunuka, koma pamene chisanu chinaluma kwambiri, kuyambira pamutu kutsata msana mpaka kumchira, ubweya unatsala woyera.

"Amayi, chakana kuchoka," anatero wamng'ono uja, akufuna kulira. "Chikukuwawani?"

"Chinawawa m'mawa, mwana wanga. Pano chaleka."

"Ndiye tichite bwanji?"

"Chisiyeni," anatero Kanyimbi. "Ndipo wina akadzakufunsani kuti inu a fungo munalowa bwanji m'phanga la alenje, musadzapepese. Mudzangomutembenuzira msana."

N'chifukwa chake mpaka lero kanyimbi ali ndi mizere yoyera pamsana, ndipo ukamufunsa zambiri amakutembenuzira msana, mchira uli m'mwamba. Pamenepo wanzeru amathawa.

Yanga yathera pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, ingapserere.